Bawuti ya hedi simangidwa ndi paipi

Amene anayendapo pamsewu wa M1 kuchoka ku Chilumba kupita ku Mzuzu akudziwa zomwe chikweza cha Chiweta chimachita ndi malole. Thiraki yosenza mafuta ochokera ku Dar es Salaam, kapena lole yodzaza mpunga wa Kilombero, imakwera ikubuula mpaka madzi kuwira mu ladiyeta. Gasiketi ya hedi ikapsa, ulendo wathera pomwepo.

Chondidandaulitsa ndi momwe hediyo imabwezeredwa. Amakaniko ena amalowetsa paipi kusipanala n'kukoka mpaka bawuti italira. Ati dzanja limadziwa. Likudziwa chiyani?

Injini ya dizilo imapanikiza mpweya ka 16 kapena kuposa apo, pomwe ya petulo imathera cha pa 10. Mphamvu yonseyo imakankha hedi, ndipo oigwira ndi mabawuti. Ena akalimba kwambiri ena n'kulefuka, gasiketi imadontha, hedi imatha kupindika, madzi n'kulowa mu oyilo mpaka kuoneka ngati tiyi wamkaka.

N'chifukwa chake opanga injini amalemba m'buku muyeso wa kamangidwe, ndipo chida choyezera ndi torque wrench. Kumanga kumayambira bawuti yapakati kupita kunja, pang'onopang'ono, maulendo awiri kapena atatu. Pa injini zambiri zamakono, ukafika pamuyesowo umapotolanso bawuti ndi madigiri olembedwa, mwina 90. Apa bawuti imatamuka dala ngati lasitiki, ndipo ina sibwereranso mwakale. Yotereyi buku limati itayidwe, kapena iyezedwe kutalika isanabwezeredwe. Mabowo nawo ayeretsedwe, chifukwa oyilo kapena madzi otsalira pansi pa bowo amatha kung'amba buloko bawuti ikamalowa.

Koma tisangoloza chala amakaniko. Inu eni galimoto ndi amene mumatuma mwana ku Karonga kukagula gasiketi yokha, n'kuuza amisiri kuti mabawuti akalewo akadali bwino. Ndalama mwapulumutsa lerozo mudzazilipira kangapo, mpunga ukunyowa m'mbali mwa msewu, fizi ya ana ili m'matumba omwewo.

Musanapereke lole yanu, funsani kuti muone torque wrench ndi buku la injiniyo. Amakaniko a pa Uliwa ndi pa Chilumba, ngati chidachi chakukulirani mtengo, sonkherani mugule chimodzi muzibwerekana.