LELETI KHUMALO NDI ULEMU WA NCHITO YA MASEWERO

M'midzi yambiri mtsikana akanena kuti afuna kudzakhala wocita masewero, makolo amagwira pakamwa. Ena amati imeneyo ndi nchito ya anthu osowa cocita. Ena amanenetsa kuti mkazi woimirira pa bwalo pamaso pa khamu la anthu wataya mwambo, ndipo sadzapeza banja. Maganizo otere ndi olakwika, ndipo moyo wa mai Leleti Khumalo wa ku South Africa ndi umboni wokwanira.

Mai ameneyu anabadwa m'caka ca 1970 ku KwaMashu, komboni ya anthu akuda pafupi ndi mzinda wa Durban. Anakulira m'banja losauka, ndipo akali wamng'ono analowa kagulu ka ana ovina kochedwa Amajika. M'mera mpoyamba. Ali ndi zaka 15, mlembi wa masewero, Mbongeni Ngema, anaona luso lake, ndipo anam'patsa mbali ya mwini nkhani m'sewero la Sarafina!

Seweroli linazikidwa pa kuukira kwa ana a sukulu a ku Soweto, amene pa 16 June, 1976, anakana lamulo lowakakamiza kuphunzira m'cinenero ca Afrikaans, apolisi nawaombera mfuti. Linayamba kuonetsedwa ku Market Theatre mu Johannesburg m'caka ca 1987, pamene Nelson Mandela anali akali m'ndende ndipo atsogoleri a ANC anali kuyendetsa cipani cao ali ku Lusaka. Mu January 1988 linafika ku Broadway, mu mzinda wa New York, kumene linaonetsedwa kupitirira caka cathunthu. Caka comweco dzina la Leleti linaikidwa pakati pa opikisana pa mphoto ya Tony, imene ndi yaikulu koposa pa masewero a pa bwalo ku America. Mu 1992 seweroli linajambulidwa pa kanema, Leleti nasewera pamodzi ndi Whoopi Goldberg ndi Miriam Makeba. Motero anthu a maiko akutali anamva kuwawa kwa tsankho la mtundu kupyolera mwa mtsikana mmodzi wovala yunifomu ya sukulu.

Koma nchito yake imene iyenera kukhudza mitima ya anthu a m'midzi ndi filimu ya Yesterday ya mu 2004, imene anaitsogolera ndi Darrell Roodt. M'menemo Leleti ndi mkazi wa kumudzi wosadziwa kulemba, amene mwamuna wake ali ku migodi ya ku Joni. Atadwala cifuwa, ayenda mtunda wautali kupita ku cipatala, nabwezedwa cifukwa ca kutalika kwa mzere. Potsiriza dotolo amuuza kuti ali ndi kacirombo ka HIV. Akauza mwamuna wake ku mgodi, mwamunayo am'menya. Pambuyo pake mwamunayo abwera kumudzi ali wofooka, anansi am'nyansidwa, ndipo mkazi yekhayo amanga kanyumba ka malata otayidwa kunja kwa mudzi nam'dwazika kufikira imfa. Cimene cim'limbitsa mtima ndi cimodzi: kukhala ndi moyo kufikira tsiku limene mwana wake wamkazi, Beauty, adzayamba sukulu.

Anthu a cigawo ca kum'mawa, kumene amuna ambiri anasiya akazi ao pa mudzi napita ku migodi, safuna womasulira kuti amve nkhani imeneyi. Cofunika kudziwa ndi cakuti filimuyi inaseweredwa m'Cizulu, cinenero ca anthu ake, ndipo mu 2005 inakhala filimu yoyamba ya ku South Africa kupikisana pa mphoto ya Oscar m'gulu la mafilimu a zinenero zina. Tsono nkhani ya mkazi wa kumudzi, yonenedwa m'cinenero ca kumudzi, siicepa pamaso pa dziko lapansi.

Apa ndi pamene pagona phindu la wocita masewero. Iye amanena poyera zimene mudzi umangonong'ona kuseri kwa nkhokwe. Akulu anati wobisa matenda maliro adzamuulula, ndipo Leleti sanabise ngakhale ake omwe. Iye ali ndi vitiligo, matenda osapatsirana amene amacititsa mawanga oyera pa khungu. Kwa zaka zambiri anali kuwaphimba ndi zodzola, koma m'sewero la pa wailesi ya kanema la Imbewu, limene linayamba mu 2018, anaonekera monga momwe aliri. Kulimba mtima kotere kumacotsa manyazi mwa ena amene anali kudzibisa m'nyumba.

Kunena zoona, nkhawa ya makolo ili ndi maziko ake. Nchito ya masewero imafuna maulendo ndi kuyenda usiku, malipiro ake ndi osadalirika, ndipo alipo amuna ena oyendetsa magulu amene angadyere masuku pamutu atsikana. Koma mankhwala a zimenezi si kutsekera mwana m'nyumba ai. Makolo ayenera kudziwa mtsogoleri wa gulu, kuonetsetsa kuti pa ulendo uliwonse pali mai wamkulu woyang'anira, ndiponso kulimbikira kuti sukulu ikhale patsogolo, pakuti wosadziwa kuwerenga sangathe kuphunzira mau a sewero, ngakhale kuzindikira pangano limene akuikapo dzina lake.

Ndiponso luso limeneli si lacilendo konse. Agogo akazi osimba nthano madzulo amasintha mau kuti akhale kalulu kapena fisi. Akazi ovina cimtali amadzudzula mwamuna waulesi ndi mkazi wamiseche pamaso pa mudzi wonse. Anamkungwi nawo amalangiza anamwali mwa kucita zofanizira. Palibe amene amati amai amenewa ataya mwambo.

Cotero aphunzitsi aakulu a masukulu alimbikitse magulu a masewero, mafumu awapatse malo pa bwalo pa masiku a misonkhano, ndipo acinyamata alembe masewero ao m'Cinyanja, onena za njala, za matenda ndi za maukwati a ana aang'ono. Mtsikana akaonetsa luso, makolo ake apite akakhale pa mpando wa kutsogolo ndi kuonerera okha, asanaweruze.