Thukuta la Amayi Liwerengedwe

Tikamacheza za maphunziro a ku yunivesite, anzanga ambiri amati wophunzira za chuma cholinga chake n'kukakhala ku banki ndi kudzilemeretsa basi. Ine ndikuona mosiyana. Katswiri wa za chuma amene amafufuza za umphawi ndi mtumiki wa anthu osauka, makamaka amayi a kumudzi.

Taonani nkhani ya nandolo. M'maboma a Balaka ndi Machinga amayi ambiri amabzala nandolo m'kati mwa chimanga. Wina amadya ngati ndiwo, wotsalayo amagulitsa kuti apeze ya sopo, mchere ndi fizi ya ana. Nandolo wambiri wogulitsidwa kunja amakathera ku India. M'chaka cha 2017 boma la India linaika malire pa nandolo wolowa m'dzikolo, ndipo mtengo wake kuno unagweratu. Mayi wa ku Ulongwe kapena ku Ntaja sanalakwe kanthu, koma thukuta lake linapita pachabe. Tonse tikudziwa kuti ndalama zikasowa pakhomo, mayi amathamangira ganyu m'munda mwa eni, wake n'kumera thengo. M'chaka cha 2021 Malawi ndi India anapangana zoti tizigulitsako matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu. Kodi pangano lotere lingakambidwe bwanji popanda anthu odziwa kuti alimi amakolola wochuluka bwanji?

Anthu otere tili nawo. Malemu Pulofesa Ephraim Chirwa, amene ankaphunzitsa za chuma ku Chancellor College ku Zomba, anatha zaka zambiri akufufuza za ulimi ndi umphawi. Iye ndi Andrew Dorward analemba buku m'chaka cha 2013 lounika ndondomeko ya feteleza wa makuponi imene inayamba mu 2005. Ankafunsa mafunso amene enafe sitifunsa: kodi makuponiwo amafika kwa yani, ndipo fetelezayo amathiridwa m'munda wa bambo kapena wa mayi?

Lipoti lina la mu 2015, la UN Women, Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ndi mabungwe anzawo, linapeza kuti m'Malawi minda yoyang'aniridwa ndi amayi imabereka mochepera ndi 28 peresenti poyerekeza ndi ya abambo. Chifukwa chake si ulesi ayi. Amayi amasowa owathandiza kulima ndi zipangizo, ndiponso ambiri salima mbewu zobweretsa ndalama zambiri.

Ena amati kafukufuku sadyedwa, amangothera m'mabuku. N'zoona kuti pepala silikhutitsa mwana. Komabe sing'anga sapereka mankhwala asanadziwe nthenda. Maepiskopi athu m'kalata yao ya mu 1992 anadzudzula malipiro ochepa ndi kusiyana kwa olemera ndi osauka. Kudzudzula kotere kumakhala ndi mphamvu pamene pali umboni wa manambala oona.

Choncho anzanga, tisapeputse masamu, pakuti wansembe amene adzatumikire ku parishi ya kumudzi ayenera kumvetsa chifukwa chake akhristu ake akugona ndi njala chonsecho analima. Ndipo inu makolo athu, musawasiye alongo athu pamtondo pamene ife tili m'kalasi. Dr Naomi Ngwira, amene anafufuzapo za amayi ndi chuma, anafika pokhala wachiwiri kwa gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Mwana wanu wamkazi amene lero akupeta nandolo angathe mawa kukambirana mtengo wake m'malo mwa mudzi wonse.