Galimoto Yopanda Dipusitiki

Mwezi wathawu mmodzi wa anyamata amene anaphunzira pano zaka zitatu zapitazo anabwera kudzagula mbande, ndipo tisanatsanzikane ananditulutsira foni. Munali kanema wa bambo wina wa ku America akusintha yekha oyilo pa Porsche 911 yake, m'galaji ya pakhomo pake. Ntchito imene ife timaimaliza pa thirakitala m'theka la ola inamutengera bamboyo masana onse. "Aphunzitsi," anatero mnyamatayo uku akuseka, "munthu wogula galimoto ya ndalama zoterezi n'kumagonanso pansi pake? Kumeneku si kuumira?"

Ndinaseka naye, koma atapita funsolo linanditsalira m'mutu. Ine ndikuona kuti bamboyo akuchita bwino, ndipo chifukwa chake si ndalama zimene akupulumutsa. Palibe wa ife amene akuyembekezera kudzayendetsa Porsche m'misewu yathu ya fumbi. Komabe zimene zikuchitika m'magalimoto othamangawa ndi zomwe zimadzafika pa mathirakitala ndi mapikapu athu patapita zaka, choncho ndi bwino tizione zidakali kutali.

Ntchito yeniyeniyo sinasinthe. Umatenthetsa injini kuti oyilo apepuke, umamasula bawuti ya pansi kuti wakaleyo atuluke, umasintha fyuluta, umamanganso bawuti ndi washala watsopano, umathira oyilo watsopano n'kuyeza. Zimene zasintha ndi zonse zozungulira ntchitoyo. Galimoto yothamanga imakhala yogwa pansi kwambiri moti jeke wamba salowa, ndipo ili ndi malo ake enieni onyamulira. Ukaika jeke pena, umaphwanya zotchingira za pansi kapena mapaipi. Iyeneranso kuima mosapendekeka pokhetsa ndi poyeza. Za kugona pansi pa galimoto yogwiridwa ndi jeke yekha popanda zochirikiza, ophunzira athu akudziwa kuti pamenepo sindiseka ndi munthu, kaya ndi Porsche kaya ndi kapikapu konyamula chimanga.

Tengani 911 ya m'badwo umene amautcha 991, umene unatuluka mu 2011. Injini yake ili kumbuyo, ndipo ukatsegula chivundikiro suiona: umangoona mafani ndi potsekera oyilo ndi madzi. Fyuluta ili pamwamba pa injini, koma kuti uifike uyenera kuchotsa kaye zimene zaiphimba. Imalowa oyilo wa malita pafupifupi 8, wa mtundu wa 0W-40 wovomerezedwa ndi Porsche. Chodabwitsa kwa ife ndi chakuti ilibe dipusitiki, kachitsulo katali kaja kamene timasolola, kupukuta ndi kansanza, kubwezera ndi kusololanso. Muyezo wa oyilo umaonekera pa sikirini ya kutsogolo kwa woyendetsa, ndipo kompyuta imakana kuyeza mpaka injini itatentha mokwanira. Munthu amathira oyilo wocheperako dala, amayendetsa galimoto, amaima pamalo osalala, amadikira, kenako amawonjezera pang'onopang'ono. Akamaliza, uthenga wakuti galimoto ikufunika sevisi sufufutika wokha. Pamafunika kachipangizo kolumikiza ku kompyuta ya galimotoyo. Ndiko kumene kunapita masana a bambo uja.

Chevrolet Corvette ya m'badwo wa C8, imene inayamba kugulitsidwa mu 2020, ili ndi dipusitiki, koma msampha wake ndi wina. Mu injini zathu oyilo amakhala mu sampu, chibeseni cha pansi pa injini, ndipo pampu imamukoka kuchokera m'menemo. Galimoto ikamakhota mwaliwiro, oyiloyo amathawira mbali imodzi monga amachitira madzi a m'ndowa pa ngolo, pampu n'kukoka mpweya, mabering'i n'kutsala ouma. Masekondi ochepa otere ndi okwanira kuwononga injini. Pofuna kupewa zimenezi, injini ya Corvette, ya masilinda 8 ndi malita 6.2, imasunga oyilo m'thanki yapadera, ndipo mapampu ena amamusesa pansi pa injini kumubwezera m'thankimo nthawi zonse. Zotsatira zake n'zakuti oyilo amayezedwa injini ili yotentha ndiponso ikulira. Ukayeza mmawa itazizira, monga tinaphunzitsidwira tonsefe, oyilo wina amakhala atatsikira mu injini, dipusitiki imaonetsa ngati wachepa, iwe n'kuwonjezera mpaka kupyola muyezo. Oyilo wopyola muyezo amachita thovu ndipo amatha kukokedwa kulowa m'njira ya mpweya. Apa munthu amawononga injini potsatira mokhulupirika lamulo limene lili loona pa thirakitala.

Pa mfundo iyi ndikuvomerezana ndi amene amati magalimotowa si oseweretsa. Chizolowezi chokha sichikwanira, ndipo mdani wamkulu wa makaniki wa pakhomo ndi mawu akuti "ndikudziwa kale". Ndili ku koleji ya zaulimi ndinasinthapo fyuluta ya thirakitala osayang'ana kuti kalabala ka fyuluta yakale katsalira pa injini. Ndinamanga yatsopano pamwamba pake. Thirakitala inalira bwino, inayenda mamita owerengeka, kenako oyilo anapopera pansi ngati mpopi wothyoka. Mnzanga amene anali kumbuyo ndiye anakuwa kuti ndizime. Akanakhala kuti palibe, ndikanapha injini ndi ntchito imene ndinali nditaichita kangapo konse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa makina wofunsidwayo ndi buku la wopanga: mtundu wa oyilo, kuchuluka kwake, mphamvu yomangira bawuti, nthawi yoyezera. Sampu zambiri za masiku ano ndi za aluminiyamu, zina ndi za pulasitiki, ndipo dzanja lozolowera kukoka sipanala mpaka itakana limangodula mazinga.

Palinso nkhani ya ndalama, imene mnyamata uja anaiona molondola. Zimene mwini Porsche amapulumutsa posintha yekha oyilo ndi zochepa poyerekeza ndi mtengo wa injini yake, ndipo wodzagula galimotoyo mtsogolo amakhulupirira kwambiri chidindo cha galaji yovomerezeka kuposa malisiti a m'kabati. Ku America lamulo la Magnuson-Moss la 1975 limaletsa wopanga kukana chitsimikizo cha galimoto pa chifukwa chokha chakuti mwini sanagwiritse ntchito galaji kapena zipangizo za kampaniyo, koma mwiniyo akalakwitsa ntchito, kuwonongekako ndi kwake. Amene alibe malo osalala, zida zoyenera kapena mtima wodekha, apite nayo ku galaji, ndipo palibe chamanyazi pamenepo.

Nanga phindu lili pati? Lili m'beseni. Oyilo wakale ndiye chinthu chokha chimene chayenda mkati monse mwa injini n'kutuluka kudzatiuza zimene chaona. Akatuluka wotuwa ngati wosakaniza ndi mkaka, madzi akulowa kumene sayenera, mwina gasiketi yapsa. Akamanunkha petulo kapena dizilo ndipo wapepuka ngati madzi, mafuta akudutsa m'mbali mwa mapisitoni kapena majekiseni a mafuta akudontha. Ukapendeketsa beseni padzuwa n'kuona tonyezimira, chitsulo chikudya chitsulo chinzake penapake. Fyuluta ya Porsche ija ndi yapepala lopindapinda lopanda chitini, moti munthu amatha kuitambasula n'kuona zimene yagwira. Yathu yachitini tikhoza kuidula n'kuchita chimodzimodzi. Ndipo munthu akagona pansi pa galimoto amaonanso zimene sanapitire: paipi yonyowa, labala long'ambika, tayala lodyeka mbali imodzi. Makaniki wa ku galaji akhoza kukhala waluso kukuposa kutali, koma ali ndi magalimoto ena pamzere, ndipo sakudziwa mmene oyilo wako anaonekera chaka chatha. Iwe ukudziwa. Mlimi amene amadyetsa yekha ng'ombe zake amazindikira yodwala isanagone, chifukwa amadziwa kadyedwe kake ka masiku onse.

N'chifukwa chake kuchotsa dipusitiki ndikukuona ngati kulanda. Opanga amati kachipangizo koyeza n'kolondola kuposa diso, ndiponso kuti eni ambiri sankasolola n'komwe dipusitikiyo. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona. Koma sikirini imangonena za kuchuluka. Siikuonetsa mtundu, siikununkhitsa kanthu, ndipo kachipangizoko kakafa ulibe njira ina yodziwira kupatula kukhetsa oyilo yense n'kumuyeza m'chigubu. Panalibe choletsa kusiya zonse ziwiri, kachipangizo ndi kachitsulo. Tisanamizidwenso kuti liwiro ndilo limakakamiza zimenezi. Toyota GR86 ndi galimoto yothamanga ya masiku ano, injini yake ndi yogona chammbali monga ya Porsche, koma ili ndi dipusitiki, ndipo fyuluta yake ili pamwamba poonekera, ukangotsegula boneti waigwira. Kubisa kapena kusabisa ndi chisankho cha wopanga. Ndipo uthenga wa sevisi wosafufutika popanda chipangizo chapadera sukuteteza injini ku chilichonse. Ntchito yake ndi kubwezera mwini ku galaji ya kampani.

Apa ndi pamene nkhaniyi imatuluka m'galaji ya munthu wolemera n'kulowa m'munda. Alimi a ku America akhala akulimbana ndi John Deere pa chinthu chomwechi: thirakitala imaima pakati pa zokolola chifukwa cha kachipangizo kamodzi, mlimi akudziwa chovuta, koma kompyuta ya makinawo imafuna pulogalamu imene ili ndi wogulitsa yekha. Mu Januwale 2023 kampaniyo inasainirana pangano ndi bungwe la alimi la American Farm Bureau Federation lolonjeza kupereka zida ndi mabuku okonzera. Chaka chomwecho dera la Colorado linakhazikitsa lamulo lopatsa alimi ufulu wokonza okha makina awo, ndipo mu Januwale 2025 bungwe la boma la Federal Trade Commission linasumira kampaniyo pa nkhani yomweyi. Ngati kudikira makaniki wa kampani kumapweteka mlimi wa kumeneko, nanga iwe amene wogulitsa wako ali ku Lusaka, mvula itagwa kale ndipo mbewu ili m'thumba?

Zina mwa izi zatifika kale. Mapikapu ambiri atsopano a dizilo ochokera ku Japan ndi ku Ulaya ali ndi sefa yogwira mwaye m'paipi ya utsi, ndipo amafuna oyilo wosiya phulusa lochepa. Ukathiramo 15W-40 wamba wa m'mgolo wa thirakitala chifukwa choti ndi amene ali pafupi, galimoto iyenda ndithu, koma sefayo imatsekeka pang'onopang'ono ndi phulusa limene silipsa. Manambala a pa chigubu ali ndi tanthauzo: yoyamba, ya chilembo W, imanena za mmene oyilo amayendera injini ikazizira, yachiwiri za kukhuthala kwake pa madigiri 100. Injini zatsopano zili ndi mipata yopapatiza ndi tinjira ting'onoting'ono ta oyilo, choncho maganizo akale akuti wokhuthala ndiye wamphamvu amazipweteka. (Ndiwonjezepo kamodzinso zimene ndimanena chaka chilichonse: oyilo wakuda uja si mankhwala a zilonda za ng'ombe kapena a nkhupakupa, ndipo malo ake si pafupi ndi chitsime. Musungeni m'chigubu chotseka.)

Ndikadakhala ndi mawu pa kagulidwe ka makina m'makopaletivu athu, ndikanafuna kuti wogulitsa ayankhe mafunso awa ndalama zisanatuluke: kodi buku lokonzera liperekedwa pamodzi ndi makinawo, mafyuluta amapezeka kuti, ndipo nyali ya chenjezo ikayaka angaizime ndani? Thirakitala yotsikirako mphamvu imene mungaikonze pansi pa mtengo wa mango ingakulimireni maekala ambiri pa zaka khumi kuposa yamphamvu imene imadikira munthu wa laputopu.

Mnyamata uja ndinamuyankha patapita masiku angapo, pa foni. Ndinamuuza kuti aonerenso kanemayo, ndipo ayang'anitsitse pamene bamboyo wachotsa fyuluta: sanaitaye msanga, anapita nayo pawindo n'kuitambasula. Kenako ndinamufunsa kuti pampu yake yothirira, imene anagula atangochoka pano, anaisintha liti oyilo ndipo anatuluka wooneka bwanji. Anakhala chete kanthawi, n'kunena kuti andiimbira akakafika kudimba.