Goma Inagwa Kawiri: Kodi Asilikali Athu Ankasunga Mtendere Wanji ku Congo?

Kumapeto kwa Januwale 2025, zigawenga za M23 zinalanda mzinda wa Goma, kum'mawa kwa dziko la Democratic Republic of Congo. Pankhondo ya masiku amenewo panafa asilikali 14 a ku South Africa, atatu a ku Malawi ndi awiri a ku Tanzania. Pa 5 Febuluwale, mtsogoleri wa Malawi panthawiyo, Lazarus Chakwera, analamula kuti asilikali athu ayambe kukonzekera zobwerera kumudzi. Pa 13 Malichi bungwe la SADC linathetsa ntchito ya gulu lake lonse, lomwe linkatchedwa SAMIDRC. Potuluka, asilikaliwo anadzera pamsewu wodutsa mu Rwanda, dziko lomwelo lomwe akatswiri ofufuza a United Nations ankati ndi lomwe likupatsa zigawengazo asilikali ndi zida.

Maliro atafika, funso lomwe linali pakamwa pa anthu ambiri linali lakuti ana athu akufera chiyani pankhondo ya eni. Ena anaona mosiyana. Iwo anati kuchokako kunali kutaya anthu wamba a ku Kivu m'manja mwa zigawenga pomwe ankafunitsitsa wowateteza. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo sitingaziyeze bwino tisanakumbuke kuti Goma yemweyu anagwaponso kale, koma ulendo umenewo nkhani inatha mwina.

Mu Novembala 2012, M23 inalowa mu Goma asilikali a UN akuonerera, chifukwa malamulo omwe ankayendera sankawalola kuyamba okha kuthira nkhondo. Zinali zamanyazi. Pa 28 Malichi 2013, khonsolo ya UN yoona zachitetezo inapanga chigamulo nambala 2098, chokhazikitsa gulu lapadera la asilikali pafupifupi 3,000 ochokera ku South Africa, Tanzania ndi Malawi. Gululi linapatsidwa chilolezo chomwe asilikali osungitsa mtendere sapatsidwa wamba, chosaka zigawenga ndi kuzigonjetsa. Linamenya nkhondo limodzi ndi asilikali a boma la Congo, mothandizidwa ndi mizinga komanso mahelikopita ankhondo a South Africa. Pa 5 Novembala 2013, M23 inalengeza kuti yatula zida, ndipo ambiri mwa asilikali ake anathawira ku Uganda ndi ku Rwanda. Mwezi wotsatira mbali ziwirizo zinasaina zikalata ku Nairobi, Joyce Banda ali pomwepo monga wapampando wa SADC.

Anthu okonda kutumiza asilikali amatchula chaka chimenechi ngati umboni wakuti mfuti zimagwira ntchito. Koma amasiya mbali ina ya nkhaniyo. Mu 2012, akatswiri a UN atatulutsa lipoti loloza chala Rwanda, mayiko a America, Britain, Germany ndi Netherlands anaimitsa kapena kuchedwetsa thandizo lina la ndalama ku Kigali, ndipo nthawi imeneyo bajeti ya Rwanda inkadalira kwambiri thandizo lakunja. Mu Febuluwale 2013 mayiko a m'chigawochi anasaina pangano ku Addis Ababa lolonjeza kusalowerera pa za mnansi. M23 yeniyeniyo inagawanika, mpaka mmodzi wa akuluakulu ake, Bosco Ntaganda, anakadzipereka ku ofesi ya kazembe wa America ku Kigali mu Malichi 2013. Pamene asilikali athu ankakwera mapiri a Rutshuru, zigawengazo zinali zitatsala zokha. Mphika unakhala pa mafuwa atatu: asilikali, kufinya kwa chuma, ndi zokambirana. Mu 2025 mafuwawo anabwera limodzilimodzi, lina likufika linzake litachotsedwa kale.

Taonani mmene SAMIDRC inapitira. Inayamba ntchito mu Disembala 2023, boma la Congo la Félix Tshisekedi litangotsazika asilikali a mayiko a kum'mawa kwa Africa powanena kuti sakumenyana ndi M23. Mayiko otumiza asilikali anali atatu omwe aja a 2013, ndipo zikuoneka kuti ambiri ankayembekezera kuti zomwe zinachitika kale zichitikanso. Koma mdani anali atasintha. M23 yomwe inadzukanso kumapeto kwa 2021 inali ndi zida zamakono, ndipo lipoti la akatswiri a UN la 2024 linati asilikali a Rwanda apakati pa 3,000 ndi 4,000 anali pa nthaka ya Congo. Gulu la SADC linalibe ndege zankhondo zokwanira zoliteteza, ndalama zoliyendetsera zinali zovuta, ndipo thandizo lomwe UN inavomereza mu Ogasiti 2024 linali lochepa, la mayendedwe ndi upangiri. Bwalo la ndege la Goma litagwa, asilikaliwo anatsekeredwa m'misasa yawo. Palibe amene angakayikire kulimba mtima kwawo. Chokayikitsa ndi nzeru ya omwe anawatuma kukamenyana ndi gulu lankhondo la dziko lina, pomwe papepala analemba kuti akukathana ndi zigawenga.

Kodi tinene kuti kusungitsa mtendere n'kutaya miyoyo pachabe? Otsutsa ali ndi umboni wolemera. UN ili ku Congo kuyambira 1999, poyamba m'dzina la MONUC kenako MONUSCO kuchokera 2010, ndipo kwa zaka zambiri yakhala ikuwononga ndalama zoposa madola biliyoni imodzi pachaka. Magulu a zida kum'mawa kwa dzikolo ndi oposa 100. Zigawenga za ADF zakhala zikupha anthu m'midzi yozungulira Beni, nthawi zina pafupi ndi misasa ya UN. Mu Julayi 2022 anthu a ku Goma ndi ku Butembo anachita zionetsero zothamangitsa MONUSCO, ndipo panafa anthu oposa 30, kuphatikizapo ogwira ntchito a UN. Ngati amene ukuti ukumuteteza akukuponya miyala, pali china chomwe chalakwika kwambiri, ndipo kungowonjezera chaka china pa chilolezo mu Disembala aliyense ku New York sikuchiyankha.

Komabe ine sindingafike ponena kuti zonse n'zachabe. Kumadera ngati Ituri, mabanja zikwizikwi othawa nkhondo amanga zisakasa moyandikana ndi misasa ya UN chifukwa ndi malo okhawo omwe angagone. Ndiponso pali dzina lomwe Mmalawi aliyense ayenera kulidziwa. Mu Novembala 2018, pankhondo yolimbana ndi ADF pafupi ndi Beni, panafa asilikali asanu ndi mmodzi a ku Malawi ndi mmodzi wa ku Tanzania. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, anaomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania yemwe anali atavulala, ndipo mnzakeyo anakhala ndi moyo. Mu 2019 UN inapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu waukulu koposa womwe bungweli limapereka kwa msilikali wosungitsa mtendere. Onena kuti nkhondoyi ndi ya eni apitenso ku Dzaleka m'boma la Dowa, komwe kuli othawa kwawo oposa 50,000 pamsasa womwe unakonzedwera anthu pafupifupi 12,000, ndipo ambiri mwa iwo ndi a ku Congo. Nkhondo ya ku Kivu inafika kale kwathu, titumize asilikali kapena ayi.

Nanga zilango zachuma? Apa m'pamene anthu a kum'mwera kwa Africa timavutika kulankhula momasuka, poti kuyambira 2019 SADC imakumbukira 25 Okutobala ngati tsiku lotsutsa zilango zomwe mayiko a azungu anaika pa Zimbabwe. Taphunzira kuziona ngati chikwapu cha olemera, ndipo pali zifukwa zake. Ziletso za malonda zomwe zinaikidwa pa Iraq m'zaka za m'ma 1990 zinazunza anthu wamba, Saddam Hussein n'kukhalabe pampando. Ngakhale zilango zolunjika munthu mmodzi zili ndi malire. Mkulu wa asilikali a M23, Sultani Makenga, ali pa mndandanda wa UN kuyambira 2012, woletsedwa kuyenda ndi kugwira chuma chake chakunja, koma n'zomwezo analamulira kulanda Goma patapita zaka 12. Munthu wokhala m'mapiri, wotolera msonkho pamgodi, samva kuwawa kwa akaunti yotsekedwa ku Ulaya. Ndipo pa 17 Malichi 2025, European Union italanga akuluakulu ena a asilikali a Rwanda, atsogoleri a M23 ndi kampani yoyenga golide ya Gasabo ku Kigali, M23 inakana kupita ku zokambirana zomwe zinayenera kuyamba mawa lake ku Luanda, n'kutchula zilangozo ngati chifukwa.

Mfundo zonsezi n'zoona, koma sizisonyeza kuti zilango n'zopanda ntchito. Zikusonyeza kuti zinachedwa, ndipo zinakhudza nthambi m'malo mwa thunthu. M23 inalanda Bunagana mu Juni 2022, ndipo malipoti a UN onena za dzanja la Rwanda anayamba kutuluka chaka chomwecho. Mu Epulo 2024 inalanda Rubaya, komwe amakumba coltan, mwala wofunika popanga mafoni ndi makompyuta, ndipo akatswiri a UN anati inkatolerapo madola pafupifupi 800,000 pamwezi. Miyezi iwiri izi zisanachitike, mu Febuluwale 2024, European Union inali itasainirana ndi Rwanda pangano la malonda a miyala yamtengo wapatali. Inaperekanso mayuro 20 miliyoni mu 2022, ndi ena 20 miliyoni mu 2024, othandizira asilikali a Rwanda omwe akulimbana ndi zigawenga ku Cabo Delgado ku Mozambique. America inalanga nduna ya ku Rwanda James Kabarebe pa 20 Febuluwale 2025, ndipo tsiku lotsatira khonsolo ya UN inagwirizana, popanda wotsutsa, pa chigamulo nambala 2773 chouza Rwanda kuti ichotse asilikali ake. Nthawi imeneyo n'kuti Goma ndi Bukavu zitagwa kale, mitembo ya asilikali a SADC itanyamulidwa. Chigamulo chimenechi chikanabwera chaka chimodzi m'mbuyo, pamodzi ndi kuimitsa thandizo ngati mu 2012, ndikhulupirira kuti ena mwa anyamata aja akanakhala moyo lero.

Chilungamo chifuna timvenso za Kigali. Rwanda yakhala ikukana kuti imathandiza M23, ndipo imati ikungodziteteza ku gulu la FDLR, lomwe ena mwa omwe analiyambitsa anachita nawo chipululutso cha Atutsi mu 1994. Akatswiri a UN omwewo analembanso kuti asilikali ena a boma la Congo amagwira ntchito ndi FDLR komanso magulu ena a zida. Madandaulo a Atutsi a ku Congo okhudza malo, unzika ndi kubwerera kwa othawa kwawo ndi enieni, ndipo zomwe zinalonjezedwa ku Nairobi mu 2013 zambiri sizinachitike. Boma la Kinshasa lazolowera kuitana alendo kuti alimenyere nkhondo m'malo mokonza gulu lake lankhondo ndi kulipira asilikali ake bwino. Izi zonse sizipatsa dziko lililonse ufulu wolanda mizinda ya mnansi wake, koma zikutiuza chifukwa chake kupambana kwa 2013 kunangokhala zaka zisanu ndi zitatu.

SADC itathetsa ntchito ya gulu lake, nkhani inasamukira kutali. Tshisekedi ndi Paul Kagame wa ku Rwanda anakumana ku Doha mu Malichi 2025. Nduna zawo zinasaina pangano ku Washington pa 27 Juni, boma la Congo ndi M23 anasaina mfundo zoyambira zokambirana ku Doha mu Julayi, ndipo atsogoleri awiriwo anatsimikiza pangano la ku Washington pa 4 Disembala. Patangopita masiku ochepa, M23 inalowa mu Uvira. Ena akuti pangano lomangidwa pa chidwi cha America pa miyala ya Congo silingabale mtendere wokhazikika. Ena akuti chidwi chimenecho ndicho chokha chomwe chingakakamize Kigali ndi Kinshasa kumvera. Chomwe chikundipweteka n'chakuti mayiko atatu omwe anakhetsa magazi ku Sake ndi ku Goma sanali ndi mawu patebulo limeneli.

Ine sindikufuna kuti Malawi asiye ntchito yosungitsa mtendere. Asilikali athu aigwira mwaulemu, ndipo dziko laling'ono limapindula pamene malamulo oteteza malire akulemekezedwa. Koma ulendo wina ukadzabwera, nkhaniyo idzapite kaye ku Nyumba ya Malamulo, nduna ya zachitetezo idzayankhe poyera. Mdani ndani kwenikweni, ndipo akumuthandiza ndani? Ndege zoteteza asilikali ndi zonyamula ovulala zidzachokera kuti? Ndalama adzalipira ndani, kwa miyezi ingati? Kodi mayiko omwe ali ndi mphamvu zofinya wothandiza zigawenga avomera kutero asilikali asananyamuke? Ndipo mabanja a omwe sadzabwerera adzalandira chiyani, liti? Pa SAMIDRC, Amalawi ambiri anayamba kumva mafunso amenewa mu Febuluwale 2025, maliro atachitika kale.