Nzeru za mbalame ndi zochita kuphunzira

Mbalame zina zakutchire zimasintha khalidwe malinga ndi malo amene zikukhala, ndipo khwangwala ndiye chitsanzo chapafupi. Pa Msundwe, m'mbali mwa msewu wa M12 wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji, makhwangwala sagona ndi njala. Amatola zotsala pamsika, amadya nyama zogundidwa pamsewu, ndipo mvula yobzalira ikagwa amatsata mizere n'kumafukula chimanga ndi mtedza. Mlimi akaimika chidole chovala sanza m'munda, makhwangwalawo amachiopa masiku owerengeka, kenako n'kumatera pamutu pake.

Paja akuluakulu amati khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba, koma mantha okhawokha sakhutitsa. Khwangwala amayamba waonerera chinthu chachilendo ali patali, n'kumasendera pang'onopang'ono mpaka atatsimikiza kuti n'chosaopsa. Anzake amaonera pomwepo.

Kuonerana kumeneku n'kumene kumafalitsa luso. Mu 1921 ku Swaythling m'dziko la England, timbalame tina tinayamba kuboola zivindikiro za mabotolo a mkaka osiyidwa pakhomo, ndipo patapita zaka khalidweli linawanda m'madera ambiri. Ku Sendai ku Japan, makhwangwala amaika mtedza wolimba pamsewu kuti matayala a galimoto auswe.

Umboni wogwira mtima kwambiri uli pafupi pompa, ku Niassa m'dziko la Mozambique. Kumeneko Ayao ofula uchi amaitana nsadzu, mbalame yolondolera anthu ku njuchi, ndi mawu apadera amene anaphunzira kwa makolo awo. Munthu amafukiza utsi n'kutsegula mphako, amatenga uchi, mbalame n'kudya phula. Kafukufuku wa Claire Spottiswoode ndi anzake, wofalitsidwa mu 2016, anapeza kuti kuitanako kumakweza mwayi woti mbalame itsogolere munthu kuchoka pa 33 kufika pa 66 pa 100 iliyonse. Mu 2023 zinadziwikanso kuti nsadzu za ku Tanzania zimamvera kwambiri likhweru la Ahadza, ofula uchi akumeneko, kusiyana ndi kuitana kwa Ayao. Chodabwitsa n'chakuti mbalameyi imaikira mazira m'zisa za mbalame zina, choncho siphunzira zimenezi kwa make.

Kwa mlimi wa ku Nsaru kapena Namitete, tanthauzo la kuphunzira kwa mbalameku n'lachidziwikire: choopsezera makhwangwala chokhala malo amodzi nyengo yonse n'chongotayitsa nthawi. Chiyenera kusunthidwa ndi kusinthidwa maonekedwe pafupipafupi mpaka mbewu zitamera.