Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto

Makolo athu ankati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ankanena zimene ankaziona chaka ndi chaka: dzuwa la Okutobala likafika, moto wolusa unkapsereza tchire, kudumpha njira, kulowa m'minda, koma ukafika pa dambo la chinyontho unkafooka n'kuzima. Ambiri amautchula mwambiwu pofuna kuti ana aziopa akulu. Ine ndimaumva ngati katundu wosenzetsedwa akuluwo. Dambo louma silizimitsa moto, limayaka nawo limodzi.

Ana athu a ku sekondale ku Chinsapo, Kawale, Area 23 ndi Area 25 amakamba za dziko kuposa mmene makolo timaganizira. Tcherani khutu pa siteji ya minibasi kapena pamzere wa pa kiyosiki ya madzi m'mamawa. Amadziwa mtengo wa thumba la chimanga, amadziwa mizere ya mafuta, amakumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti ndipo sopo ndi shuga zinakwera nthawi yomweyo. Koma kukambako kawirikawiri kumathera pa mawu amodzi: "Onsewa ndi amodzimodzi, ndi nthawi yawo yodya." Mawu amenewa amandiwawa, chifukwa amatseka nkhani. Mwana wa zaka 17 amene wataya mtima chonchi adzaponya voti osafunsa funso lililonse, kapena sadzapita n'komwe.

Ndikufuna ana amenewa akhale ndi nthano imodzi m'mutu, ndipo kwawo kwa nthanoyi si kutali. Kumwera chakumadzulo kwa mzinda uno wa Lilongwe, m'mapiri a Dzalanyama, kuli Kaphirintiwa. Achewa amati kumeneko n'kumene Chauta anatsikira ndi mvula yoyamba, pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, thanthwe likadali lofewa, mapazi awo n'kudindika pamenepo. Onse ankakhala pamodzi mwamtendere. Tsiku lina munthu anapeka timitengo tiwiri, kofewa ndi kolimba, moto n'kubuka. Anamuchenjeza, iye osamva. Tchire linayaka. Galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu, njovu, mkango ndi zinzake zinathawira kuthengo zili ndi mkwiyo. Bilimankhwe anakwera mumtengo n'kuitana Chauta kuti amutsatire, koma Chauta anati wakalamba, sangakwere. Kangaude ndiye analuka ulusi umene Chauta anakwerapo kupita kumwamba, ndipo atafika analamula kuti munthu azifa.

Mitundu ina ili ndi nthano zake za moto. Agiriki amati Prometheus anaba moto kwa milungu n'kupatsa anthu, ndipo Zeus anamumangirira pathanthwe, chiwombankhanga n'kumamudya chiwindi tsiku ndi tsiku. Amaori a ku New Zealand amati Maui anakatenga moto kwa agogo ake Mahuika mwachinyengo, dziko linatsala pang'ono kupsa lonse, mvula ndiyo inapulumutsa. Kwa Agiriki womangidwa pathanthwe anali mmodzi, amene anatenga motowo. Nthano yathu ndi yowawa kuposa pamenepo: wopeka moto anali mmodzi, koma mudzi unapasukira onse, mpaka nyama zimene sizinakhudze n'komwe timitengoto.

Nkhalango yomweyo ya Dzalanyama, imene inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1922, lero ikupsa m'mauvuni a makala. Mtsinje wa Lilongwe umayambira kumeneko, n'kudzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, ndipo madzi amene Lilongwe Water Board imatumiza m'mipope yathu amachokera m'madamu amenewo. Mitengo ikatha kumtunda, dothi limakokoloka n'kukwirira damu, mtsinje umaphwa msanga m'chilimwe. Ndiye taonani mmene zilili: thumba la makala limene bambo wa njinga walitsitsa ku Chinsapo m'bandakucha, ndi ndowa yopanda madzi imene mtsikana wa Fomu 2 waima nayo pa kiyosiki, ndi nkhani imodzi. Ana a mu Lilongwe akudziwa kuti madzi si nkhani yamasewera. Mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda uno ndi za ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera.

Mu 2015 boma linatumiza asilikali a nkhondo kukalondera Dzalanyama, ndipo mu 2020 lamulo la za nkhalango linakhwimitsidwa. Sindikutsutsa kulondera nkhalango. Koma mayi wa ku Mgona amene ali ndi ana anayi ayenera kuphika nsima madzulo ano. Nyumba yake ilibe magetsi, ndipo kumene magetsi alipo amathima nthawi yophika. Tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Gasi ndi mbaula yake zimafuna ndalama ya nthawi imodzi imene wogulitsa mandasi alibe. Kulanda njinga ya mlimi wosauka pamene magalimoto akuluakulu odzaza makala akulowa mumzinda usiku, ndi kuthamangitsa utsi moto uli chiyakire. Mtsogoleri amene ali dambo ndi amene angachititse kuti mayi uja apeze chophikira china chimene thumba lake lingakwanitse, ndipo wootcha makala apeze njira ina yopezera fizi ya ana ake.

Mwina ana a sukulu anganene kuti nthano ndi za agogo, tsabola wakale sawawa. Afunse aphunzitsi awo za Jack Mapanje. Pa nthawi ya chipani chimodzi, pamene kutchula dzina la mtsogoleri molakwika kunkapititsa munthu kundende, ophunzira ndi aphunzitsi achinyamata a ku Chancellor College ankakumana mu Writers Group n'kumalankhula za ulamuliro kudzera mwa bilimankhwe, kalulu ndi mizimu. Buku la ndakatulo la Mapanje, Of Chameleons and Gods, linasindikizidwa ku London mu 1981. Mu 1987 anamutsekera ku Mikuyu popanda kumuzenga mlandu, n'kutuluka mu 1991. Steve Chimombo anatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene anthu a ku Zomba amati chimagumula mapiri ndi madzi, n'kulemba naye za mantha a m'dziko. Boma limene linali ndi apolisi ndi Apayoniya linkaopa nthano. Tsabola ameneyu ankawawa ndithu.

Lero palibe amene angamange mwana wa ku Biwi chifukwa chofunsa funso, ndipo mpake kuti ufulu umenewu tiugwiritse ntchito. Aphunzitsi a Chichewa, musaphunzitse nthano ndi miyambi ngati zongoloweza za mayeso a MSCE. Mukafika pa Kaphirintiwa, afunseni ana kuti wopeka moto lero ndani, wothawira kuthengo ndani, ndipo ndani akumuchenjeza osamveka. Makolo anzanga, magetsi akathima madzulo musangotukwana ESCOM. Khalani ndi ana pakhonde muwauze zimene agogo anu anakuuzani. Ambiri mwa ana obadwira mu Lilongwe amamwa madzi a ku Dzalanyama moyo wawo wonse osamvapo dzina la Kaphirintiwa.

Ndipo inu ana anga a m'makalabu a zachilengedwe ndi a mtsutso, nyengo yodzala mitengo imayamba mu Disembala. Akuluakulu adzabwera ndi magalimoto, adzadzala mbande imodziimodzi, adzajambulitsa. Lembani tsikulo ndi malowo m'kope. Mu Okutobala pitani mukawerenge mitengo imene yapulumuka, kenako mulembe kalata kwa khansala ndi phungu wa dera lanu. Muwauze chiwerengerocho, muwafunse amene anapatsidwa ntchito yothirira, ndi zimene akonza kuti banja la ku Mgona lisiye makala chaka chamawa. Kalatayo muisainire ndi dzina la kalasi yanu, ndipo musunge kope lake.