Ndani adalangiza kapitawo?

Lachisanu ndinaweruka ndili woyendetsa makina. Lolemba m'mawa anandiitana ku ofesi, nandipatsa kalata, jasi loyera ndi mpukutu wa makiyi, n'kundiuza kuti kuyambira usiku womwewo ndine kapitawo wa anthu 23. Zinachitika pa fakitale ina ya ku Blantyre zaka zambiri zapitazo. Anandisankha chifukwa makina anga sankaimaima ndipo sindinkajomba. Palibe anandifunsa ngati ndikudziwa kugawa ntchito, kuphunzitsa munthu watsopano kapena kuweruza anthu awiri okangana. Malangizo onse amene ndinalandira anali mawu atatu: "Musawalekerere anthu anu."

Sindinawalekereredi. Patatha miyezi itatu, bambo wina wachikulire, wa msinkhu wa bambo anga, anachedwa masiku atatu otsatizana. Tsiku lachitatu ndinawaimika pageti, anyamata onse akuona. Iwo anavula chipewa nati, "Akapitawo, ndingafotokoze?" Ine ndinati, "Bambo, mukafotokozere kunyumba kwanu." Ndinalemba lipoti, ofesi inasaina, ntchito yawo inatha. Patapita sabata ndinamva kuti akazi awo anali atagonekedwa m'chipatala, ndipo bamboyo ankayamba wakasiya chakudya kumeneko n'kuyenda wapansi kudza ku ntchito. Nkhani inafika ku ofesi ya zantchito, kampani inalipira, ndipo mabwana anandikalipira kuti sindidziwa malamulo. Ankanena zoona. Koma sabata imene ndinachotsa bamboyo, mabwana omwewo anali ku Mangochi, m'hotela ya m'mbali mwa nyanja, akuphunzira utsogoleri.

Mlandu wanga sindiukana. Koma ndaugwiritsa ntchito ngati galasi, ndipo zimene ndaona n'zakuti maphunziro a utsogoleri wa pantchito m'dziko muno amapita kwa anthu olakwika, amachitikira kumalo olakwika, ndiponso m'chilankhulo cholakwika. Amene amayang'anizana ndi antchito tsiku ndi tsiku, monga kapitawo wa m'munda wa tiyi, foromani wa pa chimango, namwino woyang'anira wodi, mkulu wa alonda ndi mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya kumudzi, amangoponyedwa m'madzi kuti aone okha posambira. Amene amaona antchito kamodzi pamwezi ndi amene mashelefu awo adadzaza masatifiketi.

Chodabwitsa n'chakuti kwathu sitichita choncho. Mfumu silowa ufumu popanda kulangizidwa. Akuluakulu amaikhazika pansi, kuiuza mmene angamvere mlandu mbali zonse ziwiri, zimene mfumu siyenera kunena pagulu, ndi mmene angalandirire mlendo ndi wamasiye. Namwali ali ndi anamkungwi ake. A banja latsopano ali ndi ankhoswe. Makolo athu ankadziwa kuti udindo wolamulira anthu ena ndi luso lophunzitsidwa, ndipo munthu wosalangizidwa amavulaza anzake. Nanga bwanji tikafika pageti la kampani nzeru imeneyi timaisiya panja ngati njinga?

Yankho lina lili m'mbiri ya dzina lomweli. Mawu akuti kapitawo anachokera ku Chipwitikizi, ndipo anakhazikika m'minda ya azungu ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu m'nthawi ya thangata. Kapitawo wa masiku amenewo sankafunika maphunziro. Ntchito yake inali kuwerenga mitu, kuyeza mizere ndi kugwira chikoti. Nkhanza za m'minda yoteroyo, makamaka ya A. L. Bruce ku Magomero, ndi zina mwa zimene zinautsa John Chilembwe mu January 1915. Agogo athu amene anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela anakapezanso dongosolo lomwelo: wakuda mnzawo woikidwa pakati kuti azikalipa m'malo mwa mzungu. Chikoti chinapita, koma chithunzi cha kapitawo chinatsala m'mitu mwathu. Mnyamata akakwezedwa popanda womulangiza, amatsanzira kapitawo yekhayo amene akumudziwa, wokalipa uja. Ndi zimene ndinachita ine pageti paja.

Wina asanene kuti vuto ndi ndalama. Ku Malawi olemba anthu ntchito amapereka msonkho wa maphunziro a zaluso, kwacha imodzi pa makwacha 100 aliwonse a malipiro, wopita ku TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1999. Ku South Africa kuli msonkho wonga womwewu wa 1 peresenti umene umayendetsa mabungwe a SETA, ku Zimbabwe kuli ZIMDEF, ndipo Zambia inayamba kutolera theka la peresenti mu 2017. Tili ndi makoleji a zaluso ku Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia, kuwonjezapo makoleji a m'madera amene anayamba kutsegulidwa mu 2015. Tinali ndi Malawi Institute of Management ku Kanengo ndi Staff Development Institute ku Mpemba, zimene tsopano zinaphatikizidwa kukhala Malawi School of Government. Nyumba zilipo, aphunzitsi alipo, thumba lilipo. Makolejiwa amatulutsa amisiri a njerwa, a magetsi ndi owotcherera zitsulo, ndipo amachita bwino. Koma mmisiri uja pakatha zaka zisanu adzapatsidwa anthu khumi oti aziwayang'anira. Pa tsiku limenelo, akabwerere kuti kukaphunzira?

M'malo mwake tinabzala mtengo wina umene wakula kuposa yonse: wekishopu. Aliyense amene wagwirapo ntchito mu ofesi akuudziwa. Kalata imabwera yoitana anthu awiri ku maphunziro a masiku anayi ku Salima, ku Mangochi kapena ku Mponela. Nkhondo imayambika yolimbirana kupita, ndipo chimene akulimbirana ndi alawansi. Amapita ndi amene ali pafupi ndi bwana, kapena bwana mwiniwake, ngakhale mutu wa maphunzirowo ukhale wa kasungidwe ka katundu m'nyumba yosungiramo zinthu imene iye sanalowemo chaka chonse. Tsiku loyamba limatha ndi malonje ndi kugwirizana nthawi ya tiyi. Tsiku lomaliza limatha masana kuti anthu akagule chambo. Amabwerako ndi chikwama, cholembera ndi satifiketi. Funsani Lolemba lotsatira kuti chasintha n'chiyani pa ntchito, mudzamva kuti lipoti likulembedwa.

Sindikunyoza anthu olandira alawansi. Malipiro ndi ochepa, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndikutsutsa dongosolo limene lasandutsa maphunziro kukhala njira yowonjezera malipiro a anthu apamwamba, kwinaku likusiya apansi akuvulazana. Ngati tikufuna kuwonjezera anthu malipiro, tiwawonjezere poyera. Ndalama ya maphunziro igwire ntchito ya maphunziro.

Zimene kapitawo afunika kudziwa si zozama. Lamulo la zantchito la mu 2000 limanena kuti munthu asachotsedwe ntchito chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito asanapatsidwe mpata woyankhapo. Chiganizo chimodzi chimenechi ndikanachimva, bambo aja akanapuma pantchito ndi ulemu wawo. Lamulo lomwelo limaika maola 48 pa sabata ngati malire a ntchito ya masiku onse, limapatsa mayi woyembekezera tchuthi cha masabata asanu ndi atatu, ndipo limapereka masiku 18 a tchuthi pachaka kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Lamulo la chitetezo ndi umoyo pantchito la mu 1997 limaika pa olemba ntchito udindo woteteza antchito ku ngozi. Amene amaswa kapena kusunga malamulo amenewa pakati pa usiku, bwana ali mtulo ku Namiwawa, ndi kapitawo. Onjezanipo luso lodzudzula munthu kumbali osamuchititsa manyazi, logawa ovataimu mosakondera, lomvetsera dandaulo la mtsikana amene akuvutitsidwa ndi mwamuna pantchito, ndi lolemba lipoti la ngozi loona. Maphunziro onsewa satha mwezi.

Izi zinayesedwapo kale kwina. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mafakitale a ku America anadzaza ndi antchito atsopano ndi oyang'anira osazolowera. Boma linayambitsa maphunziro otchedwa Training Within Industry. Phunziro lililonse linali la maola khumi, ogawidwa m'zigawo zisanu za maola awiri, ndipo linkachitikira pa fakitale pomwepo, m'timagulu tating'ono. Lina linali la kaphunzitsidwe ka ntchito, lina la kukonza njira zogwirira ntchito, lina la kakhalidwe ndi antchito. Wophunzira ankabweretsa vuto lenileni la pa ntchito yake n'kuliyeserapo. Nkhondo itatha njirayi inapita ku Japan, ndipo kampani ya Toyota inaitenga n'kuisunga. Galimoto zimene mabwana athu amakwera popita ku nyanja zimapangidwa ndi anthu amene akapitawo awo anaphunzira maola awiriawiri pafupi ndi makina, popanda alawansi.

Tsono pali nkhani ya chilankhulo. Kapitawo amalamula m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyawo kapena m'Chisena. Amapepesa, kudzudzula ndi kutonthoza m'zilankhulo zimenezi. Koma maphunziro ochepa amene amamufikira amabwera m'Chingerezi cha m'mabuku a kunja, ndi zitsanzo za maofesi a ku London. Munthu amakhala chete masiku atatu poopa kuthyola Chingerezi pamaso pa anzake, n'kubwerako ndi mawu angapo oti aziopsezera ena. Buku lolembedwa kunja silingakuuze mmene mnyamata wa zaka 26 angadzudzulire bambo wa zaka 55 popanda kumuchotsera ulemu, kapena chochita antchito asanu akapempha kupita ku maliro amodzi tsiku limene katundu akuyenera kutuluka. Awa ndi mafunso athu, ndipo mayankho ake ali m'chilankhulo chathu.

Ndamvapo zotsutsa ziwiri. Eni makampani amati ukaphunzitsa munthu amathawira ku kampani ina kapena ku Joni. Ena amathawadi. Koma werengani antchito abwino amene amachoka chifukwa cha kapitawo woipa, katundu wowonongeka chifukwa watsopano sanaphunzitsidwe bwino, zala zodulidwa, ndi milandu ya ku khoti la zantchito. Wosaphunzitsidwa amene watsala amadya zambiri kuposa wophunzitsidwa amene wachoka. Ena amati utsogoleri n'chibadwa. Mtima wabwino mwina n'chibadwa, koma palibe amabadwa akudziwa lamulo la mu 2000. Ine sindinali munthu woipa. Ndinali munthu wosalangizidwa amene anapatsidwa makiyi.

Pempho langa ndi ili. Munthu asapatsidwe anthu oti aziwayang'anira asanalandire maphunziro a maola osachepera makumi atatu, ndipo kalata yomukweza izidikira zimenezo. Makoleji a zaluso atsegule zitseko madzulo ndi Loweruka kwa anthu amene ali kale pantchito, ndipo gawo la msonkho uja lilipire zimenezi. Aphunzitsi ena akhale akapitawo opuma, amene adaona ngozi ndi sitiraka ndi maso awo. Maphunziro achitikire pamalo a ntchito, m'chilankhulo cha pamalopo. Ndipo pakatha miyezi itatu wina apite kukafunsa antchito, osati bwana, ngati kapitawo wawo wasintha. Mabungwe a antchito, amene amalimbikira za malipiro, alimbikirenso izi, chifukwa membala wawo amakumana ndi kapitawo tsiku lililonse.

Bambo aja ndinakumana nawo patapita zaka ziwiri, akugulitsa makala pa njinga ku Ndirande. Ndinafuna kuwazemba koma anandiona, natsika panjinga n'kuvula chipewa monga kale. Ndinapepesa mmene ndikanathera. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, chinthu chimene ine ndinawamana, kenako anati, "Munali mwana, akapitawo. Panalibe wokuuzani." Anakwera njinga napita. Usiku uno, pa fakitale ina, pa esiteti ina ndi m'wodi ina, pali mnyamata kapena mtsikana amene walandira makiyi m'mawa, ndipo palibe wamuuza kanthu.